Khrisimasi ya a Zengerezu

Abale anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndiyambe ndi kuulula. Lero ndi pa 19 Disembala, koma m'nyumba mwanga mulibe mpunga wa Khrisimasi, mulibe nkhuku, mafuta ophikira angotsala kunsi kwa botolo. Nsalu ya diresi la mwana wanga wamkazi ndinagula mu Okutobala ku Limbe, mpaka m'mawa uno ikadali m'jumbo momwe inabwereramo. Mayi a kunyumba asiya kundikumbutsa. Inu amene muli pabanja mukudziwa kuti akasiya kukumbutsa ndiye kuti zafika poipa.

Musaganize kuti ndangokhala manja lende. Ndatanganidwa zedi, kungoti ndatanganidwa ndi zina. Lamulungu lapitali ndinatsegula bokosi lachitsulo la malemu mayi anga, ndimafuna chikalata cha malo, basi n'kupeza zomwe sindimafuna. Makhadi a Khrisimasi akalekale omangidwa ndi ulusi wofiira, ena ochokera ku Harare nthawi imene inkatchedwa Salisbury. Tinsalu toluka tija tinkayalidwa pamisana ya mipando kukamabwera alendo. Ndiye pansi penipeni, titakulungidwa m'nyuzipepala yofiirira, timipira titatu tagalasi, topepuka ngati chigoba cha dzira, timene mayi anapatsidwa ndi dona wina ku Zomba komwe bambo ankagwira ntchito yophika. Kamodzi siliva wake wam'kati wasuluka, kakungooneka ngati mtambo wa mvula.

Chikalata chija sindinachipeze, ndipo kunena zoona ndinachiiwala. Masiku atatu ndakhala ndikuchapa ndi kusita tinsalu, kupachika makhadi pachingwe kuchokera pawindo kukafika pakhomo la kuchipinda, ndi kudula kalendala ya chaka chatha m'timizere n'kumalumikiza unyolo wa mapepala ndi phala la ufa wa chinangwa, monga tinkachitira ku pulayimale. Unyolowo pano wazungulira pabalaza kawiri. Mpunga wokha ndiwo kulibe.

Munthu wozengereza amafuna mboni. Ndiye usiku, m'malo mowerengera ndalama, ndakhala ndikuwerenga mbiri ya tinthu timeneti, kuti mwina ndipeze anzanga. Ndawapeza, ena otchuka ndithu. Koma ndapezanso gulu lina limene sindimalifuna, la anthu amene amalipira kuchedwa kwa anzawo.

Tiyambe ndi khadi. Mu 1840 dziko la Britain linatsitsa mtengo wotumizira kalata kufika pa kobiri limodzi, kaya kalatayo ikupita kuseri kwa nyumba kaya kumalire a dziko. Mmodzi mwa anthu amene anathandiza Rowland Hill kukhazikitsa dongosololi anali Henry Cole, wogwira ntchito m'boma ku London, yemwe pambuyo pake anadzakhala mkulu woyamba wa nyumba yosungira zinthu zakale imene lero imatchedwa Victoria and Albert Museum. Walira mvula walira matope. Makalata atatchipa aliyense anayamba kulemba, ndipo ulemu wa nthawi imeneyo unali woti kalata ya mafuno abwino uiyankhe ndi dzanja lako. Pofika kumapeto kwa 1843 a Cole anali ndi mulu wa makalata osayankhidwa. M'malo mokhala pansi n'kuyamba kulemba, anapita kwa mnzawo wojambula, John Callcott Horsley, kukamupempha kuti ajambule chithunzi chimodzi, pasindikizidwe mawu amodzi a mafuno abwino, patsale mpata wongolembapo dzina la wolandira ndi la wotumiza. Anasindikiza makhadi 1,000 n'kuwapaka utoto ndi manja limodzilimodzi. Otsala anawagulitsa shileni imodzi khadi limodzi, kutanthauza makobiri 12, ndalama yotumizira makalata khumi ndi awiri. Wosauka sakanaligula.

Pakati pa chithunzicho pali banja lonse, agogo mpaka adzukulu, akukweza matambula a vinyo, ndipo mayi wina akumwetsako kamwana. M'mbali ziwiri muli anthu akudyetsa anjala ndi kuveka ausiwa. Magulu odana ndi mowa anakwiya chifukwa cha kamwana kaja. Ine chimene chandigwira ndi china: osaukawo anaikidwa m'mphepete, ngati mkombero wa chithunzi, pomwe pakati pali odya. Muwasunge m'mutu, tikumana nawonso.

Makhadi anadzatchipa pambuyo pa 1870, mtengo wowatumizira utatsika kufika pa theka la kobiri. Pofika zaka za m'ma 1880 a positi ofesi ku Britain anali atayamba kale kuchonderera anthu kuti azitumiza msanga, chifukwa matumba ankadzaza sabata yomaliza. Choncho chinthu chimene anachipanga kuti chipulumutse munthu mmodzi wochedwa chinadzabala ochedwa zikwizikwi, ndipo wonyamula makalata ndiye anasenza.

Poti tili gulu la olemba, nditchuleko mnzathu wina wa chaka chomwecho. Charles Dickens anayamba kulemba A Christmas Carol mu Okutobala 1843, ndalama zitamuvuta, n'kulimaliza m'masabata asanu ndi limodzi. Bukulo linatuluka pa 19 Disembala, tsiku ngati lalero, ndipo makope 6,000 oyamba anatha isanakwane Khrisimasi. Wofalitsa mabuku wa lero mutamupititsira buku la Khrisimasi mu Disembala akhoza kukusekani. Inu amene mwakhala mukulonjeza gulu lino nthano kuyambira Malichi, musatengerepo chilimbikitso chambiri. Mkuluyo ankachedwa kuyamba, koma akayamba sankadzuka.

Nanga mtengo? Umboni wina wakale kwambiri ndi wa munthu amene anaona Khrisimasi ya ku Strasbourg mu 1605. Analemba kuti anthu a kumeneko ankaimika m'nyumba mitengo yofanana ndi paini, n'kupachikamo maluwa odulidwa kuchokera ku mapepala amitundumitundu, maapozi, timikate topyapyala, maswiti ndi tizinthu tonyezimira ngati golide. Mapepala ndi zakudya basi. Chokongoletsa choyamba chinali chopanga wekha, ndipo chambiri chinkathera m'mimba mwa ana. Komanso, ndipo apa ndinasangalala kwambiri, m'mabanja ambiri a ku Germany mtengo sunkakongoletsedwa mpaka pa 24 Disembala penipeni, ana atatsekeredwa kunja kwa chipinda, ndipo unkakhala mpaka pa 6 Januwale. Masabata anayi a Adiventi anali nyengo yodikira ndi kudziletsa, osati yosangalala. Panalinso chifukwa china chosafuna zaumulungu: mtengo wodulidwa ukauma, uli ndi makandulo oyaka m'nthambi, ndi nkhuni basi. Anthu ankaika ndowa ya madzi pafupi. Ndiye amene akupachika zinthu pa 24 sanachedwe ayi, ali pa nthawi ya eni mwambo. Mfundo imeneyi ndinakawauza mayi a kunyumba. Anandifunsa ngati Ajeremaniwo ankagulanso mpunga pa 6 Januwale.

Mwambowu unafalikira ndi chithunzi. Mu Disembala 1848 nyuzipepala ya Illustrated London News inasindikiza chojambula cha Mfumukazi Victoria, mwamuna wake Albert amene anali Mjeremani, ndi ana awo atazungulira mtengo ku Windsor. Patatha zaka ziwiri magazini ya amayi ku America, Godey's Lady's Book, inatenga chithunzi chomwecho n'kufufuta chisoti chachifumu pamutu pa Victoria ndi ndevu zapamlomo za Albert, kuti lioneke ngati banja wamba la kwawoko. Kuba chithunzi n'kuchikonza sikunayambe ndi Facebook. Magazini oterewa ankadzaza masamba a Disembala ndi malangizo a ntchito zamanja: kupinda timatumba ta mapepala toikamo maswiti, kupaka zigoba za mtedza utoto wagolide, kutunga mbuliwuli pa ulusi ngati mikanda. Zimene lero timazitcha zokongoletsa zamakedzana zinali ntchito ya madzulo ya mayi ndi ana ake, patebulo lodyera.

Tsopano timipira tagalasi. Kwawo kwa luso limeneli ndi ku Lauscha, kamudzi ka m'chigwa chopanikizika m'nkhalango za Thuringia ku Germany, kumene ulimi unali wovuta koma nkhuni zinali mbwee. Mu 1597 anthu awiri, Hans Greiner ndi Christoph Müller, anamangako ng'anjo yosungunulira galasi. Kwa zaka zoposa 200 mudziwo unkapanga matambula, mabotolo a mankhwala, mikanda, kenako maso agalasi a zidole ndi a anthu otaya diso. Cha m'ma 1840 anayamba kuuzira timipira ndi tizipatso tagalasi topachika mumtengo. Nthano ya kumeneko imati woyamba anali mmisiri wosauka amene analibe ndalama ya maapozi ndi mtedza, ndiye anaumba zagalasi kuti ana ake asaone mtengo wopanda kanthu. Ndi nthano yokoma, ya mtundu umene ogulitsa amaukonda. Chimene chinasinthadi zinthu ndi gasi. Mu 1867 mudziwo unalandira gasi wa m'mapaipi, ndipo lawi lake, lotentha kwambiri komanso losagwedezeka, linalola amisiri kuuzira timipira tokulirapo, topyapyala, tambirimbiri patsiku.

Ntchitoyi sinkachitikira m'fakitale. Inkachitikira m'nyumba, m'chipinda chomwecho chodyera ndi chochezera. Bambo ankakhala palawi, kutenthetsa kachubu kagalasi mpaka kafewe, kuuzira ndi pakamwa mpaka kafufume, kapena kuuzira m'chikombole kuti patuluke mbalame, belu kaya mphesa. Mayi ankathira m'kati madzi a siliva n'kumakhutchumula kampirako m'madzi otentha mpaka m'kati muwale ngati kalirole. Njira ya silivayi isanafike ankagwiritsa ntchito mtovu, womwe ndi poizoni. Ana ankapaka utoto, kuveka tizipewa tachitsulo topachikira, ndi kulongedza. Njanji isanafike mu 1886, amayi ankabereka madengu akuluakulu kumsana kupita kwa amalonda a ku Sonneberg, mtunda wa pafupifupi makilomita 20, ndipo wotchula mtengo anali wogula, osati wopanga. Kuti katundu akwere sitima yapamadzi n'kukafika m'masitolo a ku America nthawi yabwino, banja la ku Lauscha linkayamba Khrisimasi yake miyezi yambiri pasadakhale, n'kumagwira mpaka usiku. Iwowo mwayi wozengereza analibe.

Amene anawatsegulira msika waukulu anali F. W. Woolworth. Mu 1880, ali ndi sitolo yaing'ono ku Lancaster, Pennsylvania, anagula timipirati ta madola 25 monyinyirika, akuganiza kuti palibe angataye ndalama pa chinthu chosadyedwa, chosavalidwa, chosweka msanga. Tinatha m'masiku awiri. Mu 1890 anapita yekha ku Thuringia kukaoda zambiri, ndipo anaona ndi maso ake umphawi wa mabanja opanga zidole ndi amayi obereka madengu aja. Anamva chisoni, mwina, koma oda anaikabe. Chikomekome cha mkuyu. Kampira kalikonse kouziridwa ndi pakamwa ndi mpweya wa munthu wina umene unaumira m'galasi, ndipo ndakhala ndikukagwira kanga kosuluka kaja mosamala kuposa kale chidziwireni zimenezi.

Nkhondo ndiyo inasamutsa malondawa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, katundu wa ku Germany atayamba kuvuta, wamalonda wina dzina lake Max Eckardt anagwirizana ndi kampani ya Corning ku America kuti makina opangira mababu a magetsi aziuzira timipira. Makina amodzi ankatulutsa patsiku zimene banja la ku Lauscha silikanakwanitsa pa chaka. Timipirato tinkagulitsidwa ndi dzina loti Shiny Brite. Nkhondo itakula zitsulo zonse zinapita ku zida, ndiye anasiya kuthira siliva, tizipewa tachitsulo tija n'kulowedwa m'malo ndi ta makatoni. Ku Britain mapepala okulungira mphatso analetsedwa m'masitolo mu 1941, ndipo ana ankapanga maunyolo ndi nyuzipepala zakale zopaka utoto. Chodabwitsa n'chakuti lero osonkhanitsa zinthu zakale amafunafuna timipira ta nthawi ya nkhondo tomwe tija, topanda siliva, ta chipewa cha katoni. Usiwa wa agogo wasanduka fasho ya adzukulu. Ngakhale tizingwe tonyezimira tija timagula m'mapaketi tili ndi mbiri yotere: tinayambira ku Nuremberg cha m'ma 1610 tili ta siliva weniweni, timene tinkada ndi utsi wa makandulo, kenako tinadzakhala ta mtovu mpaka dziko la America litatichotsa pamsika mu 1972 poopa kuti ana akudya poizoni. Ta lero ndi ta pulasitiki.

Munthu amene wandilanda mtendere sabata ino ndi mayi wina wa ku America, Florence Kelley. Anabadwa mu 1859 ku Philadelphia, anagwirako ntchito ku Hull House ku Chicago pamodzi ndi Jane Addams, ndipo mu 1893 anasankhidwa kukhala mkulu woyendera mafakitale m'chigawo cha Illinois, komwe anaona ana akugwira ntchito zimene akulu akanazikana. Kuyambira 1899 mpaka imfa yake mu 1932 anatsogolera bungwe la ogula lotchedwa National Consumers League. Mfundo yake inali yosavuta kumva koma yowawa: wogula ndiye bwana weniweni wa wogulitsa. Mu 1903 analemba nkhani yodzudzula mmene Khrisimasi inkawazunzira antchito a m'masitolo akuluakulu a New York. Atsikana ogulitsa ankaimirira kuyambira m'mawa mpaka usiku kwa masabata, nthawi zambiri popanda malipiro owonjezera. Anyamata ang'onoang'ono onyamula maphukusi ankayenda m'chisanu mpaka pakati pa usiku kukapereka mphatso zimene mayi wina wolemera wakumbukira pa 23. Opanga maswiti ndi mabokosi nawonso chimodzimodzi.

Bungwelo linayamba kampeni yoti anthu azigula msanga: msanga m'mwezi, msanga m'tsiku, ndipo kaphukusi kakang'ono uzinyamula wekha. Tamvani bwino, pa kampeniyi mawu akuti gulani msanga za Khrisimasi sanali otsatsa malonda. Anali mawu omenyera antchito. Eni masitolo atawamva anawakonda pa chifukwa chawo, n'kuwatenga. Pofika 1939 amalonda anali ndi mphamvu moti Pulezidenti Franklin Roosevelt anasuntha holide ya Thanksgiving kuichotsa pa 30 Novembala kuibweretsa pa 23, kuti nyengo yogula italike ndi sabata imodzi. Ndiye mukamaona sitolo yapachika zonyezimira mu Okutobala, dziwani kuti ndi mdzukulu wolowerera wa chifundo cha mayi Kelley. Anthu anayamba kugula msanga, inde, koma sanasiye kugula mochedwa. Wogulitsa anangopatsidwa miyezi iwiri yotopa m'malo mwa masabata awiri.

Kwathu kuno Khrisimasi inafika ndi anthu osiyana maganizo. Amishoni a ku Scotland amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876 ankachokera kudziko limene nyumba yake ya malamulo inathetsa holide ya Khrisimasi mu 1640, poiona ngati mwambo wopanda maziko m'Baibulo. Ku Scotland pa 25 Disembala panadzakhala holide ya boma mu 1958, zaka zisanu ndi chimodzi zokha ife tisanalandire ufulu. Tsiku lawo lalikulu linali Chaka Chatsopano. Akatolika, amene anakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, anabwera ndi Misa ya usiku ndi khola la Khrisimasi, mwambo umene Fransisko wa ku Assisi anautchukitsa ku Greccio mu 1223. Khola linagwira msanga, chifukwa udzu, nsungwi ndi dothi sitinkachita kuitanitsa kunja. Ku Mua komweko bambo Claude Boucher anadzayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo osema a kumeneko anayamba kusema Mariya ndi Yosefe okhala ndi nkhope zathu. Kwa Angerezi tinatengako khadi ndi mawu aja ana amafuula m'misewu, oti Khrisimasi bokosi.

Zina zonse tinapanga tokha. Inu amene munakulira kumudzi mukukumbukira kuzira. Masiku awiri Khrisimasi isanakwane amayi ankapita kudambo kukakumba dothi lakuda, n'kuzira pansi ndi pakhonde mpaka pawale, kenako kujambula maluwa ndi mizere pakhoma ndi dothi loyera ndi lofiira. Mawu a mafuno abwino ankalembedwa ndi mwana amene wafika sitandade faifi, ndipo chilembo chimodzi chinkasowa chaka chilichonse. Mvula ikawomba khoma zonse zinkatsika, n'chifukwa chake palibe ankazira mu Novembala. M'tauni tinkadula nthambi ya mkungudza kapena paini n'kuizika m'chitini cha mchenga, kumangirira mabaluni, timapepala tonyezimira ta maswiti ndi ta m'mapaketi a ndudu, zitsekerero za Fanta, kenako kumwaza thonje m'nthambi kuti likhale chipale chimene palibe mmodzi wa ife anachionapo, kunja kukutentha, inswa zikuuluka. Tinsalu toluka ta m'bokosi tija mayi anga anaphunzira ku Mvano, kumene amayi akamaliza mapemphero ankatulutsa singano ndi ulusi. Palibe ankazitcha zimenezi luso. Kunali kusowa ndalama ya za m'sitolo basi, monga ana a ku London aja nthawi ya nkhondo.

Ndipo mtsikana wa m'sitolo wa mayi Kelley ali ndi mbale wake kuno: telala wa pakhonde la golosale. Tonse tili ndi nkhani ya telala amene anatinamiza. Bwerani mawa, bwerani madzulo, kwangotsala mabatani. Ine ndikukumbukira usiku wina wa pa 24 nditakhala pa benchi ndi anyamata anzanga anayi, telala akupalasa Singer yake pa kuwala kwa koloboyi, maso ali psuu, ife tikumuyang'ana ngati mfiti yatibera Khrisimasi. Kabudula wanga anatuluka m'ma 11 koloko usiku, mwendo wina wautali. Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndimaikamba ngati umboni wa bodza la atelala. Sindinadzifunsepo kuti nsaluyo inafika liti pakhondepo. Inafika pa 21, pamodzi ndi nsalu za mudzi wonse. Ndipo telalayo sakanakana, chifukwa Disembala ndiye kholola lake. Chibwerereni kaunjika, miyezi ina yonse amangokhalira kuchepetsa mathalauza ndi kuika zigamba.

Koma ndisawaweruze bambo anga pamodzi ndi ine. Kuchedwa kuli mitundu iwiri. Disembala kwathu si mwezi wopuma ngati wa pa makhadi paja. Ndi mwezi wa feteleza, wa kupalira, wa ganyu, nkhokwe ikuyamba kuoneka pansi, fizi ya Januwale itaima pakhomo ngati mwini ngongole. Wapantchito malipiro amalandira kutatsala masiku atatu kapena anayi. Munthu amene akugula nsalu pa 21 chifukwa ndalama yaoneka pa 20 si Zengerezu. Uthenga wa mayi Kelley unkapita kwa amayi amene anali ndi ndalama mu Novembala koma ankakonda chipwirikiti cha sabata yomaliza. Akulu anati Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma m'mbiri yonse imene ndakuyalirani apayi Zengerezu weniweni, wokhala nazo, sakwawa yekha. Amakwawa ndi wonyamula makalata, mnyamata wa maphukusi, telala. Ine nsalu ndinagula mu Okutobala. Mukudziwa gulu langa.

Ngakhale njira yachidule, yongolowa m'sitolo n'kugula paketi ya zonyezimira, ili ndi Lauscha wake. Zambiri zimene zadzaza m'masitolo a ku Limbe ndi ku Lilongwe zimachokera ku Yiwu, mzinda wa m'chigawo cha Zhejiang ku China, kumene mafakitale mazanamazana amapanga gawo lalikulu la zokongoletsa za Khrisimasi za dziko lonse. Kumeneko ntchito imafika pachimake pakati pa chaka, ife tikuwotha moto wa Juni ndi Julayi, kuti makontena afike nthawi yake.

Pa unyolo wanga wa kalendala pokha ndiye palibe amene wagona mochedwa kupatula ine, ndipo ndikuvomera kuti ndaukonda. Pali kukoma kwina pokhala pansi ndi sizasi, kupinda, kumata, kuona Malichi akulumikizana ndi Seputembala, foni ili kutali. Sindikuchita nawo manyazi. Vuto n'lakuti ndaupanga pa nthawi ya munthu wina.

Nkhaniyi ndinaisiya pakati masana ano n'kunyamula jumbo ija. Telala wathu ndinamupeza atazunguliridwa ndi nsalu mpaka m'mapewa, tepi ili m'khosi, choko kukhutu. Kumbuyo kwake mnyamata wake wa zaka ngati 12, sukulu atatsekera, amasokerera mabatani. Anaitambasula nsalu ija, n'kuona mizere ya kupindika kwa miyezi iwiri.

"Achimwene, imeneyi mwagula liti?"

"Okutobala."

Sanayankhe. Anayang'ana mulu, anayang'ana ine, n'kunena kuti ndibwere pa 24 madzulo. Ndikudziwa tanthauzo la pa 24 madzulo, ndinakhalapo pa benchi. Ndinamuuza kuti asavutike, asoke la Chaka Chatsopano, ndipo ndinalipiriratu theka. Anandiyang'ana ngati akudikira kuti ndiseke. Kenako analemba 30 ndi choko pakona ya nsalu n'kuiika pansi pa mulu.

Pobwerera ndagula mpunga wa Kilombero makilogalamu atatu ndi mafuta. Nkhuku ndikaona Loweruka. Mwana wanga ndamupeza pabalaza ndi sizasi, wapeza kalendala ina, akuwonjezera unyolo kuti ufike kukhitchini. Wandifunsa ngati diresi lake likhale ndi matumba. Ndamuuza kuti likhala nawo awiri. Za pa 30 sindinamuuzebe.